Chipukuta Misozi cha Mkono Wanga

Lolemba, 13 Okutobala
Ndabwerako ku boma. Kalaliki wa loya akuti a inshuwalansi ya lole imene inandigwetsa pa msewu wa Makanjira alipira, koma chipukuta misozi chimakula ndi izi: zimene ndawononga pa chithandizo, zimene ndataya posagwira ntchito, chilema chotsalira, ndiponso ngati ine ndinalibe cholakwa. Umboni ukufunika Loweruka. Denga lathu ndi lichero, mvula ili pafupi. Ndikufuna malata makumi awiri. Mkono wothyokawu ufolera nyumba.

Lachiwiri, 14
Ndikusaka malisiti. Chipatala cha boma, pulasitala yaulere. Wa njinga yamoto amene anandithamangitsira kumeneko akukana kulemba kalikonse, akuti sanandilipiritse ndipo ndisamuchimwitse. Phala ankabweretsa ndi amayi a kumpingo. Lisiti lapezeka limodzi, la panado, K800. Mulungu awadalitse onsewa, koma akanandisiyirako kena kake.

Lachitatu, 15
Kwa Che Saidi, eni chilimira, khoka la usipa limene ndimakoka. Ndikupempha asainire kuti ndataya malipiro a miyezi iwiri. Akundifunsa: "Mwataya chiyani achimwene? Gawo lanu silifika pakhomo m'mawa uliwonse?" Limafika. Pa bwato lathu mlovi, ndiye kuti msodzi, akavulala amadya ngati wakoka nawo. Mwezi watha usipa unagwa bwino, kotero ndapeza zambiri ndili chigonere kuposa chaka chatha ndili woyima. Andipatsanso utaka wa ndiwo pobwerera. Ndathokoza ndi manja awiri.

Lachinayi, 16
Adokotala akupinda mkono, akuwongola, akundipatsa chala chawo kuti ndifinye. Ndafinya mwaulemu. Akuti ndifinye ngati mwamuna. Ndafinya, afuula. Akuti fupa lagwirana ngati la mwana wa sukulu, chilema palibe. Mayi a kunyumba aliza nthungululu m'khonde la chipatala. Inenso ndakondwa. Ndakondwadi, kungoti pang'onopang'ono.

Lachisanu, 17
Mboni yanga ndi Abiti Mdala, amene anali nane pa lole. Amakumbukira zonse, mwatsoka. Akuti ndinakhala pamwamba penipeni pa matumba a usipa, miyendo lendelende, manja onse ali pa mango. Akutinso kondakitala anandiuza kawiri kuti nditsike. Anandiuza katatu, koma sindinawakonze. Ndi iwo amene anandimanga mkono ndi chitenje chawo tsiku lija, ndiye ndingawauze chiyani?

Loweruka, 18
Kalaliki wawerenga zonse, wavula magalasi. Akuti tatsala ndi ululu ndi kuvutika. Kodi ndinkasowa tulo? Ndamuuza zoona: sabata yoyamba inde, koma kenako ndagona usiku wathunthu koyamba kuyambira pamene ndinalowa m'bwato. Kodi ndinaonda? Lamba ndaboola bowo latsopano, koma la kunsonga, poti mimba yakula. Akuti anthu ngati ine ndi ovuta kuwathandiza. Ndalama ibwera, mwina chaka chamawa, mwina ya malata anayi, loya asanadulepo yake.

Lamlungu, 19
Pochokera ku tchalitchi ndapeza alovi anzanga ali padenga ndi udzu ndi pepala lakuda la pulasitiki. Mayi a kunyumba ndiwo anawauza. Ndikufuna kukwera kuti ndithandize, Che Saidi agwira makwerero. "Khalani pansi achimwene. Denga ili lilibe inshuwalansi." Ndakhala pansi, ndikupatsira luzi. Chaka chino tigonanso pansi pa udzu, koma wouma.