Tsiku limene ndinapumitsa kompyuta ya Tiwonge

Mpaka lero Tiwonge akamachoka pakhomo amakhoma chipinda chake, ndipo ine sindimuimba mlandu.

Tiwonge ndi mwana wanga wachiwiri. Chaka chimenecho amamaliza ku yunivesite, ndipo kompyuta yake imayenera kuwerengetsa za kafukufuku wake, zokapereka Lachisanu pofika 12 koloko. Koma imachedwa. Lachitatu madzulo anandiitana. Pagalasi panali timabokosi tinayi. Anaizimitsa, kuiyatsanso, kudinadina, timabokosi tija n'kukhala tisanu ndi titatu.

"Muli antchito anayi umu, Amama, koma aliyense amagwira ndi dzanja limodzi. Pano ndawamasula manja onse. Tsiku limodzi basi, amaliza."

Ndinati aleluya. (Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma aulesi ndimawadziwa.)

Lachinayi popita ku kalasi anati, "Musaikhudze."

Cha m'ma 10 koloko ndikusesa, ndinamva ikulira fuuu! Kuyika dzanja, moto! Kuno ku Nkhorongo m'mwezi wa Juni, chinthu n'kumatentha chonchi? Ndinaipempherera kaye (kusanjika manja si kukhudza). Osasintha. Ine ndalera ana asanu, thupi likatentha ndimadziwa chochita. Ndinazula chingwe kukhoma kuti ipumeko, n'kuifunditsa kansalu koluka ka pa wailesi. Inakhala chete, mtima wanga m'malo. Zoti batire lake linafa kalekale ndinazimva pambuyo pake.

Tiwonge anafika 1 koloko, n'kuvundukula kansalu kaja.

"Amama, mwachita vichi?"

"Ndaipulumutsa. Imapsa."

"Imagwira ntchito! Zonse za kuyambira dzulo zapita!"

"Nanga kulira kuja?"

"Inu mukamasinja mumaimba nyimbo zokhazokha? Simupuma wefuwefu?"

Anakhala pansi n'kulira, mwana amene sanalire ngakhale tsiku lomuzula dzino. Apo ndiye manyazi anandigwira. Anaiyambitsanso kompyuta ija, ine n'kuimbira amayi anzanga a kutchalitchi kuti tipempherere magetsi asazime. Koma chifukwa chenicheni sindinawauze.

Lachisanu inamaliza 11 koloko itadutsa. Tiwonge anakwera kabaza tsitsi losapesa, n'kukapereka za kafukufuku zija patatsala mphindi zochepa. Yewo chomene, Ambuye!

Ndinamupepesa, inde. Koma kunena zoona, chinthu chotentha choncho chimafunika kupuma, pamenepo sanandigonjetse. Ndiye masiku ano ikayamba kulira ndimangomanga chitenje n'kupita ku Chibanja kwa achemwali, manja anga asandichimwitse.