Tsiku Limene Seva ya Kuchipatala Inakana Kudzuka

Amene akuti ine Jofilisi Thole ndimanama asendere pafupi andiyang'ane m'maso, chifukwa zimene ndinenezi anthu a ku Makhuwira anaziona dzuwa likuswa mtengo.

Masiku amenewo ndinkasamala jenereta ndi mabatire pa kachipatala kena kumeneko, ndipo akazi anga, a Esinati, anali kalaliki wolemba odwala pakompyuta. Mayina onse ndi mankhwala a munthu aliyense zinkakhala mu seva, chibokosi chakuda chimene chinkang'ung'udza m'kachipinda ka kuseri. Ndiye Lachisanu lina kunabwera katswiri wa kutawuni, n'kuikamo injini yatsopano yoyendetsera pulogalamu yathu, ati vesheni yamakono, iye n'kukwera galimoto ulendo. Lolemba m'mawa seva inakana kudzuka, panja pali mzere wa anthu odzatenga mankhwala awo a mwezi, ena atawoloka madzi, ndipo popanda seva panalibe wodziwa kuti uyu amamwa ati.

Ndinadina batani, iyo inatsokomola n'kulavula mawu ofiira ochuluka mwakuti anasefukira pasikirini, kutsikira pansi, kutulukira pakhomo, mbuzi za alonda n'kudyako mizere itatu yomalizira. Mukumva? Ndinagunditsa khutu pa chibokosicho, n'kumva pulogalamu yokalambayo ikulira mosakaniza ndi Chisena, ati, "Nkhabe, injini iyi sindikuidziwa, ndibwezereni yanga yakale."

A Esinati anati, "Bambo, tadikirani ndiwerenge kaye mawu ofiirawa." Koma ine magazi anali atatentha kale, ndipo ndinkadziwa kuti vesheni yakale yatsala pa kompyuta imodzi yokha, ku Marka, kumalire kwenikweni.

Ndinalumphira m'bwato lopanda nkhafi n'kupalasa ndi silipasi yanga, liwiro lake madzi a Shire kuwira kumbuyo kwanga, asodzi n'kumatola milamba yopsa kale, ndipo nditafika ku Marka ndinakopera vesheniyo m'kafulashi, kachipangizo konga chala kosungira za pakompyuta, koma pobwerera mvuu inayasamula pafupi, mpweya wake n'kukoka kafulashi kuchoka m'thumba la malaya mpaka kukhosi kwake. Wina akanalira. Ine ndinabwerera, kukhala pamaso pa kompyuta ija, n'kuiloweza vesheni yonse pamtima, manambala ndi timadontho tomwe, mutu n'kulemera mpaka bwato kuimirira ngati mtengo wa mgwalangwa, moti ndinachita kupempha ng'ona kuti ikhale kutsogolo tilingane. Mukunditsatira? M'dambo la Ndindi udzudzu waukulu ngati nkhanga unandiluma pachipumi n'kuyamwa theka la vesheni, ine n'kuuthamangitsa pamwamba pa namasupuni osanyowa ngakhale chidendene, kuugwira, kuufinyira m'kamwa, zanga zonse n'kubwerera m'malo. Chipsera ndi ichi, gwirani.

Ndinafika pachipatala mayi wa kutsogolo kwa mzere asanamalize kumanga mwana kumbuyo. Ndinaluma nthambo ya seva, kuimbiramo likhweru vesheni yonse mpweya umodzi, kenako n'kudina batani. Timagetsi tinasanduka tobiriwira, mayina anatuluka pasikirini, mzere unayamba kuyenda, ndipo madala ena a kutsidya analandira mankhwala awo n'kundigwira dzanja osafuna kulisiya.

Tsono mukawafunsa a Esinati amanena zina. Amati vesheni yakale sinachokemo m'seva, inangokhala pambali. Ati iwo anawerenga mawu ofiira aja, kutsegula kafayilo kamodzi, n'kusintha mzere umodzi kuti pulogalamu iloze ku injini yake yakale, pamene ine ndinali padoko kuseri kwa chipatala, kukangana ndi mwini bwato amene ankakana kundinyamula. Ati anandiitanira pawindo, ine n'kufika wefuwefu silipasi ili kumanja, iwo n'kunena chapansipansi kuti, "Bwerani bambo, mudine ndinu, anthu aone."

Mayi amenewa ndakalamba nawo, ndipo sindinawagwirepo bodza, ndiye sindiwatsutsa. Koma zoti batanilo linadinidwa ndi chala ichi, ngakhale iwo amavomera.