Mmene Ndinakhalira Profesa Bhakede

Mukadzafika ku Sizinda n'kumva ana asukulu akukuwa kuti "Profesa Bhakede!" musatembenuke. Akuitana ine. (Bhakede m'Chindebele ndi ndowa, ndipo uprofesawo sanandipatse chifukwa cha ulemu.)

Ine ndine telala. Ndinabwera ku Bulawayo kuno ndili mnyamata kuchokera kwathu ku Machinga, sukulu nditalekezera Fomu 2. Koma mutandipeza panja pa mzikiti Lachisanu, mungandimve ndikuuza anzanga kuti pakanapanda umphawi ndikanakhala injiniya wa sitima. Bodza ukalinena zaka zambiri limakukhala bwino ngati jekete yosokedwa pa muyeso wako.

Mwana wanga Asiyatu ali Fomu 4, ndipo fizikisi inkamuliza. Mphunzitsi wawo anapita ku Joni patchuthi, mpaka lero tchuthicho sichinathe. Ndiye mwanayu analowa gulu lina la pa foni, momwe ana asukulu a ku Magwegwe, a ku Gweru ngakhale a kunja amafunsana mafunso. Wowathandiza wamkulu ndi mtsikana wina wa ku yunivesite, amene onse amamutchula kuti Sisi Nomsa. Basi m'nyumba mwanga munadzaza Sisi Nomsa. Pakudya, "Sisi Nomsa akuti." Potsuka mbale, "Sisi Nomsa akuti." Ine bambo wake, wogula data yemweyo, palibe tsiku anati "ababa akuti."

Loweruka lina m'mawa ndinamupeza pabwalo akumanga chingwe ku kachitini ka jamu.

"Ukutani?"

"Baba, Sisi Nomsa akuti ukazunguza madzi mwamphamvu kudutsa pamwamba pa mutu, satayika. Aliyense ayese, ajambule vidiyo, atumize pagulu."

"Zimenezo mpaka kuuzidwa ndi munthu wa pa foni? Ife tinkachita tili ana pochokera kudambo."

"Yebo baba, koma akuti tiyambe ndi kachitini."

"Kachitini n'ka anthu amantha. Tenga ndowa."

Apa ndiyenera kufotokoza za ndowayo. Mipopi kwathu inali itauma sabata yonse. Mayi a Asiyatu analawirira kumjigo tambala asanalire, anaima pamzere mpaka dzuwa kuwawotcha pamsana, n'kubwera ndi ndowa imodzi yaikulu. Madzi amenewo anali ophikira, akumwa ndi otawazira popemphera. Atawatula anapita kukaona wodwala. (Akanakhalapo, nkhaniyi ikanathera pa mawu oti "tenga".)

Ndinayamba mwanzeru ndithu. Ndinapungulira madzi ambiri m'beseni, m'ndowa n'kusiya ochepa. Ndinazunguza, ndowa mmwamba, ndowa pansi, osagwa ngakhale dontho. Ana a aneba anasonkhana pampanda. Wina anaomba m'manja. Mwana ameneyo ndiye anandipweteketsa.

"Bwezera onse," ndinalamula.

"Hayi baba, ilemera. Sisi Nomsa akuti ukachepetsa liwiro pamwamba..."

"Sisi Nomsa wakoyo anabereka ndani? Jambula!"

Ndinakwinya manja a malaya, ndinaikankha kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kenako n'kuiponya mmwamba ndi mphamvu zonse za bambo wa ana anayi. Ulendo woyamba inadutsa. Phewa linalira kuti khe, koma inadutsa. Pamenepo munthu wanzeru akanaitula n'kuwerama. Ine ndinaona kuti vidiyo yopanda mawu siphunzitsa. Ndowa ikukweranso, ndinatembenukira kufoni, n'kukweza chala cha dzanja linalo.

"Tsono ana inu, chinsinsi chake n'chakuti..."

Chinsinsicho sanachimve. Ndowa inaima kaye pamwamba pa mutu wanga ngati ikumvetsera nawo, kenako khuthu! Madzi onse a mayi a Asiyatu anatsikira pa chipewa changa, m'makutu, m'malaya mpaka m'nsapato. Podzidzimuka ndinakoka dzanja, chogwirira chinathothoka, ndowa inauluka kudumpha mpanda n'kukagwera pa khola la nkhuku la NaThemba, mayi woyandikana nafe. Nkhuku zinabalalika msewu wonse. NaThemba anatuluka akulankhula Chindebele chimene pa zaka zonse ndakhala kuno ndinali ndisanachimvepo.

Mayi a Asiyatu anafika ine ndikuthamangitsa nkhuku yomaliza, dzanja limodzi lili lende. Anayang'ana matope pabwalo, anayang'ana beseni louma, kenako ine. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Bambo a Asiyatu, madzi anga ali kuti?"

"Timaphunzitsa mwana sayansi."

"Waphunzira?"

"Kwambiri, amayi," anatero Asiyatu, maso ali pansi, mapewa akugwedezeka.

"Chabwino. Aphunzitsi atenge zigubu."

Masana amenewo ndinaima pamzere wa kumjigo pakati pa amayi ndi ana, dzanja lili m'nsalu yokoleka m'khosi. Mzere wa kumjigo ulibe chifundo. Mayi aliyense wofika ankauzidwa nkhaniyo kuyambira pachiyambi, ine ndili pomwepo, ndipo aliyense wofotokoza ankawonjezera nkhuku.

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo. Lolemba Asiyatu anabwera kushopu kwanga akumwetulira.

"Baba, mwatchuka. Sisi Nomsa akuti vidiyo yanu yaposa onse."

"Unatumiza?"

"Munati ndijambule ana aphunzire."

Anandionetsa. Sisi Nomsa anali ataichedwetsa kuti iziyenda pang'onopang'ono, n'kujambula mivi yofiira: wina woloza pakati pa njira yozungulira ya ndowa, wina woloza pansi, pa chipewa changa penipeni. Mnyamata wina wa ku Gweru anawerengera liwiro limene ndinafunika kukhala nalo, ndi limene ndinali nalo nditayamba kulalikira. Wina anafunsa ngati "umdala" ali moyo. Sisi Nomsa analemba mwaulemu kuti athokoze bambo a Asiyatu, chifukwa ana amene sankamvetsa mutuwu tsopano aumvetsa onse. Ulemu wakewo unandiwawa kuposa phewa.

Chondinyansa n'chakuti zinathandizadi. Pa mayeso oyeserera funso la zinthu zoyenda mozungulira linabwera, ndipo Asiyatu analikhoza lonse. Akuti atangoliwerenga anaona nkhope yanga madzi akuitsikira, yankho n'kubwera lokha. Kumzikiti sindinenanso za uinjiniya, chifukwa ndikangotsegula pakamwa wina amafunsa ngati ndabwera ndi ambulera.

Sabata ino gulu lija layamba mutu wa magetsi. Dzulo ndinauza Asiyatu kuti magetsi ndiye ndimawadziwa bwino, popeza mashini anga osokera ndimakonza ndekha, ndipo soketi ya kukhitchini ija ndi poyambira pabwino. Lero m'mawa ndafunafuna pulayazi ndi sikuludilaiva nyumba yonse, osazipeza. Mayi a Asiyatu akuti sanazione. Koma chikwama chawo chikulira zitsulo akamayenda, ndipo akupita nacho ngakhale kubafa.