Nkhondo yanga ndi chindongwa cha Amama

Lolemba, 12 Juni

Amama awapeza ndi matenda a shuga. Kuchipatala awauza kuti asiye shuga. Amvera: tiyi akumwa wowawa, nkhope ili ngati ya wofera chikhulupiriro. Kenako makapu atatu a chindongwa, thobwa lathu la kuno ku Hewe. Ati: "Mulibe shuga umu, ndaphika ndekha."

Ine, amene ndinakhala zaka ziwiri mwa zinayi kuyunivesite ndikuphunzira bayokemisitiri, ndizingoonerera mayi anga akudzipha ndi kapu? Ayi. Pofika Lamulungu akhala atasiya. Zofunika:

- mbiri ya sayansi, aone kuti si nzeru za m'mutu mwanga
- mikanda
- ayodini
- kuleza mtima (ndilibe)

Lachiwiri, 13 Juni

Phunziro loyamba, pakhonde. Ndikufotokoza kuti kale anthu ankati zinthu za m'thupi zimapangidwa ndi mphamvu ya moyo yokha, mpaka mu 1828 Mjeremani wina anapanga yureya, yemwe amapezeka mu mkodzo, m'botolo chabe, popanda impso.

Amama: "Yureya wa feteleza yemweyu? Ndiye iyeyo ndi amene akukweza mtengo?"

Ola lathunthu lathera pa makuponi. Makapu lero: atatu.

Lachitatu, 14 Juni

Mikanda. Chingwe chachitali ndi sitachi, wa mu ufa ndi chinangwa. Mkanda umodzi ndi gulukosi, shuga wa m'magazi. Mikanda iwiri ndi molitosi. Chimera chikalowa m'phala chimadula chingwe chija, n'chifukwa chake chindongwa chimatsekemera popanda supuni ya shuga. Zomveka ngakhale kwa mbuzi!

Ndikudula ndi lumo kuti aone. Mikanda yonse mbwee pabwalo, nkhuku zikuthamangira. Inali ya alamu, akazi a achimwene, ya paukwati wawo.

Alamu, mokweza kuti ndimve: "Anzawo amene anamaliza akudula maliboni ku Lilongwe."

Mawu a munthu wolephera Fomu 2 kawiri. Ndikutola mikanda mpaka msana kuwawa.

Lachinayi, 15 Juni

Ndapempha ayodini kwa mphunzitsi wa kusekondale. Lero ndi lero.

Dontho pa chinangwa: bii! Pa mbatata: bii! Pa buledi: bii! Amama maso tong'o. Ndikuti kudako ndiye sitachi.

Dontho m'chindongwa cha dzulo: changofiirira pang'ono.

Zoona, chifukwa sitachi wambiri wasanduka kale shuga, ndipo ayodini saona shuga. Umboni wanga ndi umenewu! Koma ndisanatsegule pakamwa Amama akuomba m'manja. "Waona? Choyera! Mankhwala ako omwe avomera."

Ndikufotokoza katatu. Akungomwetulira mondimvera chisoni. Makapu: anayi.

Lachisanu, 16 Juni

Amayi a mvano asonkhana kwathu. Botolo langa lili m'manja mwa Amama. Akudonthezera pa sikono, pa chinangwa, m'kapu, ngati pulofesa. "Mwana wanga wayeza, chapambana." Amayi asanu ndi awiri akankha masikono, atha ndowa yonse ya chindongwa. "Yewo chomene, asambizi," akundithokoza m'Chitumbuka ngati mphunzitsi wawo. Ndafalitsa bodza m'mudzi wonse ndi ayodini wobwereka!

Choipitsitsa: ndikumva Amama akulangiza mtsikana wongokwatiwa kumene. "Chimera usathire phala likubwata, chimafa. Dikira chala chipirire."

Ndi enzaimu imeneyo, lumo la m'chimera lodula sitachi, limene limafa ndi kutentha. Afalansa awiri anaipatula m'chimera mu 1833, yoyamba padziko lonse, mayina awo n'kulowa m'mabuku. Ine ndinailoweza chaka chija Adada anamwalira, ine n'kubwera kudzalima fodya wawo. Amama amaiyeza ndi chala.

Loweruka, 17 Juni

Amama sanapite kudimba. Ludzu losatha, kuchimbudzi kasanu dzuwa lisanakwere, akuti akuona utsi m'maso. Andiitana dzina la Adada.

Lero palibe mndandanda. Ndikuwakweza panjinga, ndikupalasa chitunda chonse osatsika. Manja awo m'chiuno mwanga apepuka ngati a mwana. Ndikupemphera, ine amene ndimati mapemphero ndi a anthu osawerenga.

Namwino akubaya chala, akuyang'ana kamakina, akusintha nkhope. Mapiritsi, madzi, kudikira pabenchi mpaka masana. Kenako: "Amama, chindongwa ndi shuga. Theka la kapu, Lamulungu lokha."

Amama: "Yewo, adokotala. Bwanji palibe anandiuza?"

Palibe! Namwinoyo ndinkamulembera masamu kusekondale. Kusiyana kwathu ndi yunifolomu yoyera basi. Koma ndamugwira dzanja ndi manja awiri, ndipo sindinachite mwachinyengo.

Lamulungu, 18 Juni

Ali bwino. Adya ndiwo zamasamba zambiri, mgaiwa pang'ono. Kutchalitchi alengeza okha kuti mayeso a Lachisanu anali olakwika "chifukwa botolo linali lakale". Alamu akuvomereza ndi mutu wonse. Botolo lasenza mlandu, ine ndatsala wopanda ulemu ndi wopanda mlandu. Ndalandira.

Sanasiye. Sadzasiya. Masana atulutsa kapu, osati yawo, koma chikapu chachitsulo cha Adada cholowa pafupifupi lita. Namwino sanatchule kukula kwa kapu.

Ndabweretsa kakapu ka tiyi. Tayang'anana nthawi yaitali. Tagwirizana pa yapakati, ya maluwa.

"Thira iwe," akutero. "Za theka ndiwe katswiri."

Ndathira. Amwa pang'onopang'ono, maso ali otseka. Lamulungu likubwerali ndidzathiranso ine, ndi linalo, ndi linalo, kwa zaka zambiri ngati Mulungu alola.