Botolo la Zadzidzidzi

Lolemba

Mervis, mng'ono wanga, wabwera ku holide kuchokera ku koleji. Mwana uyu mutu alinawo. Akuti anzake alawansi ikangolowa pa foni amathamangira mesh ya kumutu ndi tchipisi, sabata yachiwiri ayamba kupempha mchere. Iye ayi. Soya pisi, bonya, soya pisi, mpaka temu kutha.

Ndikumuuza zomwe sindiuza munthu. Mwezi watha mwana wanga Dalitso anatentha thupi mpaka kuuma, maso kutembenuka, m'nyumba mulibe olo ya kabaza. Ndinathamanga naye kumsana mpaka ku chipatala ku Milepa, njira yonse ndikumuitana dzina kuti ndimve ngati akupuma.

Mervis akuti, "Achemwali, ndalama iliyonse izikhala ndi dzina. Yopanda dzina imapita ndi aliyense."

Ndiye tatsuka timabotolo tinayi ta mafuta odzola:
mpamba wa zitumbuwa
ndiwo
sopo ndi mchere
zadzidzidzi

Lomalizali ndi la kabaza wa Dalitso. Silitsegulidwa, akutero Mervis, pokhapokha zitavuta zenizeni.

Lachiwiri

Zitumbuwa zatha zonse pa geti la sukulu. Faivi handiredi yalowa m'botolo la Dalitso, kuwonjezera pa ina yomwe ndinamanga pa nsonga ya chitenje.

Pobwerera ndaima pa kaunjika, pali kajuzi kofiira ka saizi yake. Mervis akundikoka dzanja. "Chimenecho n'chofuna, si chofunika." Zofuna ndi zofunika, eti. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, zimenezi sitinafikeko. Akamalankhula ndimangomuyang'ana pakamwa.

Lachitatu

Maliro kutsidya, apongozi a wachibale wathu. Amayi akuti sitingapite chimanjamanja ngati alendo.

Pa mabotolo anayi palibe lolembedwa chipepeso. Ndikufunsa Mervis ngati maliro ndi zadzidzidzi. Akuganiza kaye, chala pa chibwano ngati adokotala. "Munthu samwalira pa pulogalamu, achemwali."

Tatsegula. Pang'ono pokha.

Lachinayi

Mafuta ophikira akwera. Mpamba sukukwana, ndiye wabwereka ku ndiwo. Ndiwo zabwereka ku sopo. Sopo alibe kolowera, wagogoda kwa Dalitso.

Mervis akuti zimenezi ngakhale maboma amachita, ndipo zili ndi dzina lake la Chingerezi. Wanditchulira kawiri, sindingathe kulilemba. Koma mtima wakhalako pansi kumva kuti zili ndi dzina.

Dalitso watsokomola masana. Ndamugwira pachipumi, pakhosi, pamimba. Amayi akuti ndimusiye mwana, ndimukalambitsa.

Lachisanu

Palibe anandiuza kuti lero ana apita kukasewera mpira ku sukulu ina. Ndakhala pa geti ndi beseni lodzaza, wogula ndi mlonda yekha, naye kawiri basi.

Zitumbuwa sizigona. Tadya tokha: ine, amayi, ana a oyandikana nawo. Mervis wadya zambiri kuposa tonse, uku akutifotokozera kuti pa bizinesi kuluza nako kumawerengedwa. Sadandaula, sakweza mawu. Ine ndikanakhala ndi mtima wotere!

Bambo a Dalitso aimba kuchokera ku Limbe komwe amalondera. Malipiro achedwa, mwina sabata ya mawa. Mwinanso ayi.

Botolo ndalisamutsa, ndaliika mu thumba la nandolo. Sindikudziwa kuti ndikubisira ndani, poti wotsegula ndine ndemwe.

Loweruka

Uthenga wafika pa foni ya Mervis: ayenera kukalembetsa ku koleji Lolemba m'mawa, wochedwa amulipiritsa.

Wakhala pa mkeka, miyendo yopinda bwinobwino, ngati wabwera ndi ankhoswe. Ndalama ya thiransipoti alibe. Akuti bajeti yake inali ya kusukulu, ndipo inatha ndendende tsiku lotsekera, osatsala olo wani kwacha, osaperewera. Holide sanaiikemo. Abweza alawansi ikalowa, tsiku walitchula, wati amayi akhale mboni.

Ndikumufunsa, "Nanga ndi chofuna kapena chofunika?"

Akuti, "Achemwali, mwayamba kukhoza."

Ndalowa m'nyumba, ndakhala pa thumba la nandolo nthawi yaitali. Kunja Dalitso akuthamangitsa nkhuku, akuseka. Pabanja pathu palibe anafikapo pomwe wafika Mervis. Akapanda kupita, ndiye kuti mbuzi za fizi yake amayi anagulitsa pachabe.

Koma kuuma kuja. Maso aja.

Lamulungu

Tapemphera ku Mbombwe, tabwerera msanga kuti asachedwe. Chopereka ndaponya ya sopo.

Wakabaza wafika, yemweyo ndimafuna kuti adzanyamule Dalitso tsiku loipa. Ndatsanulira botolo lonse m'manja mwa Mervis. Wawerenga, wawerenganso, wandibwezera handiredi kwacha. Akuti botolo lisagone lopanda kanthu, lingazolowere.

Atakwera kale akufuula kuti ndisasiye, poyamba pamavuta kwa aliyense, ngakhale kwa iye. Chikwama pamiyendo, msana woongoka, anthu panjira akumupatsa moni. Mng'ono wanga ameneyo.

Mabotolo anayi ali pa windo, atatu opanda kanthu. Dalitso wagona, pachipumi pozizira bwino. Ndamunong'oneza kuti ngati ali ndi pulogalamu yodwala, adikire kaye alawansi ya amayi ake aang'ono ilowe.