Njinga Yanga ndi Migolo ya Bambo a Tadala

Lolemba

Kwazizira. Masamba onse athothoka, ndipo pa wailesi akuti chipale chofewa chigwa sabata lomwe lino. Basi, njinga yamoto iyenera kukagona mpaka Malichi.

Zochita:
- kuitsuka
- kusintha oilo
- kudzaza petulo, kuthiramo mankhwala oti asawonongeke
- kuchotsa batire
- kupopa matayala, kupaka girizi pa tcheni
- kuifunditsa, kuilowetsa m'galaja

Ntchito ya masiku awiri imeneyi. Ine amene ndinkakwera mapiri a ku Ntchisi ndi bokosi la katemera kumbuyo, nthawi imene ndinali mlangizi wa zaumoyo, sindingagonje ndi galaja ya kuno kutsidya la nyanja, ku Manassas.

Vuto ndi limodzi: m'galajamo muli migolo ya buluu ya amuna anga, bambo a Tadala. Ndi katundu wotumiza kumudzi. Chaka chino ndi chachitatu akutumizidwabe.

Pa chakudya chamadzulo akuti, "Mayi a Tadala, chaka chatha inakana kulira mpaka tinaitana makaniko. Ikakananso chaka chino, tigulitse. Munthu wa msinkhu wanu, wa mvano..." Sakumaliza. Ine ndikuvomera, chifukwa ndikudziwa kuti idzalira.

Lachiwiri

Tsiku lotsuka. Ndaweruka masana ku nyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, dzuwa lilipo koma la bodza. Madzi aumira m'paipi ya panja chifukwa cha kuzizira. Ndikutunga ofunda kukhitchini, ndowa ndi ndowa, ngati kumjigo.

Njinga ikuwala! Ndikuiyang'ana ngati mwana amene wasamba kuti apite kutchalitchi.

Chimene sindinaganize n'choti madzi aja akatsika pa simenti apita kuti. Sanapite kulikonse. Angouma pomwepo, gwa, ngati galasi. Bambo a Tadala akutsika m'galimoto ndi chikwama cha kuntchito, phazi limodzi, lachiwiri, kenako akhala pansi mwaulemu ndithu, miyendo kutsogolo. Sanavulale. Angoti, "Mwatchera ndani pano?"

Ndikuwadzutsa, ndikuwapukuta buluku, ndikuwaza mchere wa kukhitchini pakhomo ponse kuti madzi oumawo asungunuke. Kuseka ndikukasekera kubafa.

Lachitatu

Oilo. Sipanala ilipo, mphamvu zilipo. Chokhetsera oilo wakale palibe, ndiye ndikutenga beseni lija ndimakandira mandasi a kutchalitchi. Ndidzalitsuka. Palibe adzadziwe.

Oilo akutuluka wakuda bii. Bawuti yotsekera yandipulumuka, yagwera momwemo. Ndikuisaka ndi dzanja, mkono wonse mpaka m'chigongono. Tadala, mwana wanga wamkazi, waima pakhomo akujambula ndi foni. Ndikumuuza m'Chichewa kuti asiye, akundiyankha m'Chingerezi kuti akungotumizira azakhali ake ku Lilongwe basi. Ndiye kuti pofika mawa m'mawa Area 25 yonse idzakhala yaona beseni la mandasi.

Bawuti yapezeka. Ndikutsegula oilo watsopano, ndikuwerenga pa botolo: wa galimoto! Ndinatenga wolakwika. Kubwerera kusitolo sindingathe, ndiyenera kuperekeza Tadala kukwaya.

Njinga igona yopanda oilo lero. Ndamata pepala pa mpando: OSALIZA. Kaya ndikuchenjeza ndani, poti panyumba pano woiliza ndine ndekha.

Lachinayi

Lero zayenda. Batire ndachotsa, ili m'kabati pafupi ndi thumba la mpunga. Petulo ndadzaza ndi chigubu, mankhwala ndathira. Makoswe a kuno amakonda kumanga nyumba mu ekizosi nthawi yozizira, ndiye ndatsekamo ndi masokosi akale a bambo a Tadala.

Kenako galaja. Ndikukankha migolo ndekha, umodzi umodzi, kuipanikiza kukhoma. Wina ndautsegula pang'ono kuti ndione chimene chikulemera chonchi:
- nsapato za Tadala za ali ku pulayimale
- mapoto opanda zivundikiro
- wailesi yopanda chingwe
- sopo amene wauma ngati njerwa

Ndatseka. Si zanga.

Msana ukuwawa koma malo apezeka, okwana njinga ndi munthu woima pambali. Ndikuimamo kanthawi, kungosangalala.

Madzulo ndikuwerenga kapepala ka pa botolo la mankhwala aja, kamene ndinayenera kuwerenga poyamba. Akuti ukathira, uilize injini kwa kanthawi kuti mankhwala azungulire. Injini yopanda oilo. Yopanda batire. Yovala masokosi.

Chabwino. Mawa.

Lachisanu

Ndikuchokera kuntchito ndi oilo woyenera, mtima uli m'malo. Pakhomo paima vani. Galaja ili yotsegula. Amayi Zulu, a kutchalitchi kwathu, a ku Chipata aja, akulamula anyamata awiri otsitsa katundu.

Akundikumbatira. "Ba sister, Mulungu akudalitseni! A elder atiuza kuti manje mwakonza malo."

Malo anga. Mwalowa migolo ina itatu, zovala zimene amayi a mvano asonkha kuti zipite kumudzi. Zidzanyamuka "kontena ikadzadza". Kontena imeneyo ndimaidziwa, ndi yomwe ija migolo yathu ikudikira.

Bambo a Tadala aima kumbuyo kwa vani, maso ali pa matayala. Akuti anangotchula pa foni kuti m'galaja mukuoneka bwino masiku ano, enawo anamva zawo.

Ndinganene chiyani? Zovala za ana amasiye zigone panja kuti njinga ya mayi wa mvano ifunde? Ndikuwaphikira tiyi. Amayi Zulu akufunsa ngati Lamulungu ndibweretsa mandasi. Ndikuti beseni lili ndi ntchito ina.

Loweruka

Kumwamba kwatuwa. Akuti chipale chiyamba madzulo.

Ndikuyambiranso. Oilo ndathira. Batire ndaichotsa kumpunga, ndaibwezera. Ndikudina batani: ikukhosomola, ikukhosomolanso, kenako phuu! Sokosi imodzi yauluka mpaka pa kapinga wa aneba. Inayo ikufuka. Ndinaiwala.

Koma ikulira. Mmene ikulirira bwino ndi oilo watsopano!

Ndikuganiza kuti m'malo moiliza itaima, bwanji ndingozungulira kamodzi mpaka pa mphambano, mankhwala ayende bwino. Jekete, magolovesi, chipewa. Pa mphambano loboti ili yobiriwira. Yotsatira nayonso. Nyumba zikuchepa, kwayamba minda, mipanda ya matabwa, mahatchi ovala mabulangete. Patsogolo mapiri a kumadzulo. Mphepo ikuluma zala, mphuno ikuchucha m'chipewa, ndipo ine ndikuimba nyimbo ya kwaya mokweza, palibe wondimva.

Sabata yonse ndimatembenuza anthu pa bedi, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuyankhula motsitsa mawu. Ndimawakonda. Koma pa njingapa palibe belu loti liitane. Ndaima pa kasitolo ka m'mbali mwa msewu, ndamwa khofi woipa, manja ndawafunditsa pa kapu. Sindikufuna kuigoneka njingayi. Mwina n'chifukwa chake chilichonse ndakhala ndikuchita chobwerera m'mbuyo.

Pobwerera ndikupeza magalimoto a boma athira kale madzi a mchere mumsewu kuti chipale chisagwire, mizere yoyera mpaka ku Manassas. Ndafika kukuyamba mdima. Njinga yayera mchere mpaka pa tcheni, yakuda kuposa Lolemba. Petulo watsala theka, mankhwala apsera limodzi.

Bambo a Tadala ali pa windo, foni m'manja. Anaimba kangapo. Sakukalipa. Angoti, "Mwafika," n'kundipatsa tiyi amene anaphika okha, shuga wambiri. Njinga ndaifunditsa katani yakale ya kubafa, ndamanga ndi chingwe, ndaisiya panja. Mphamvu zatha.

Lamulungu

Kunja kwayera konse. Mapemphero ati achitikira pa foni.

Ndikusuzumira pa windo kuti ndione katani ija. Katani ilipo, yapindidwa pa masitepe. Njinga palibe! Ndikutsika osavala ndi patapata yomwe, ndikugunda bondo pa chinthu cha buluu pabalaza.

Migolo inayi. Pabalaza. Umodzi pakati pa sofa ndi TV.

Ndikutsegula chitseko cha kugalaja: njinga ili mkati, mchere wake uli pomwepo, yaimikidwa mopendama, magalasi atembenuka. Munthu amene sanaigwirepo chigulireni waikankha yekha m'mamawa, chipale chikugwa.

Ali pa sofa, agwira msana, akuonera mpira mopendeketsa khosi chifukwa cha mgolo. Ndikufunsa kuti nanga zogulitsa zija? Maso ali pa TV, akuti, "Ndaganiza. Ikapita njingayi, Loweruka lililonse mudzakhala pakhomo pano, ndipo mudzandipezera ntchito."

Zimene zatsala: kutsuka, kudzaza petulo, mankhwala, batire, matayala, girizi. Ndiye kuti zonse, kupatula oilo ndi galaja. Paipi yauma, msewu watsekeka, mawa ndili ndi shifiti yam'mawa. Kaya idzalira mu Malichi, kaya sidzalira.

Ndatenga mafuta opaka, ndawathira m'manja kuti afunde. "Tembenukani, bambo, ndione msanawo."