Chimbale Chomwe Ndinakalanda kwa Anyani pa Michesi

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, tipite limodzi kwa Nazombe, ndikamuonetse denga la sukulu lomwe mpaka lero lili ndi mapazi anga, ndipo akapanda kukhutira ndimuvulira buluku aone yekha chipsera. Inu alamu, bwezerani foniyo m'thumba. Mukufuna kundiphunzitsa za kompyuta ine? Ine Welosi Namukopa ndinalimbana ndi kompyuta inu musanaione n'komwe, ndipo inandigonjera masanasana anthu akuona.

Nthawi imeneyo ndinali mesenjala pa sekondale yoyendera ya kwathu. Kusesa ofesi, kuimba belu, kupalasa njinga kukasiya makalata ku boma, makiyi onse ali m'chiuno mwangamu. Anthu ena akufuna kwabwino anatipatsa kompyuta imodzi yatsopano ili m'katoni mwake, pamodzi ndi sola ya padenga ndi mabatire awiri, poti magetsi anali asanatifike. Woidziwa anali mmodzi yekha, Mai Khoviwa, aphunzitsi a masamu. Ahedi athu, a Makwinja, ntchito yawo inali kuifunditsa nsalu poweruka ngati munthu wodwala malungo.

Chaka chimenecho a mayeso analamula kuti maina a ana a fomu folo asapitenso olemba pamanja, koma atayipidwe pa kompyuta, aikidwe pa disiketi yosungiramo zolembedwa, ndipo galimoto idzadutsa kudzatenga Lachisanu folo koloko. Sukulu yochedwa, ana ake adikire chaka chamawa. Mwa ana amenewo munali Esitere, mwana wanga womaliza, yekhayo m'banja lathu lonse amene anafika fomu folo, yemwe mayi ake anathera misana m'munda wa nandolo kuti asasiyire panjira. Mukumva? Ndiye musamaseke.

Vuto linali litayamba mwezi umodzi m'mbuyomo. Kompyuta ija inagwidwa ndi kachilombo, ikumangozima yokha, ndipo ahedi anaitanitsa katswiri wina wa ku Limbe. Iyeyo anafufuta zonse, n'kuikamo mwatsopano pulogalamu yaikulu ija yoyendetsa makina onse, imene popanda iyo kompyuta n'chibokosi chabe. Koma anaiika kuchokera pa chimbale chake cha m'chikwama, cholembedwa dzina ndi cholembera, n'kukwera minibasi ya masana kumapita. M'mawa mwake kompyuta inayamba kuwerenga masiku. Inalemba pagalasi kuti atsala masiku makumi atatu, ikapanda kupatsidwa nambala yake yeniyeni, ya zilembo makumi awiri ndi zisanu, yosonyeza kuti pulogalamuyo si yakuba, idzadzitseka. Nambalayo inali pa kapepala komata m'mbali mwa bokosi la kompyutayo, koma mphemvu za mu ofesi ija, zomwe zinali zazikulu ngati makoswe ndipo zikamayenda pa simenti zinkamveka ngati anthu ovala nsapato za gogoda, zinali zitakadya kale kapepalako n'kutisiyira zilembo zinayi.

Mai Khoviwa anawachenjeza ahedi kangapo. Iwo anati chitsulo sichingasunge masiku, makamaka poti Loweruka ndi Lamlungu chimakhala chozimitsa, chikungoopseza. Lachisanu lija m'mawa Mai Khoviwa anayatsa kuti asamutsire maina pa disiketi. Kompyuta inakana kulowa. Anazimitsa, kuyatsanso, inakana. Maina onse omwe anatayipa sabata yathunthu anali m'kati, chitseko chili chotseka.

Ahedi anathamangira pa chulu cha kuseri kwa makalasi, pamene pokha foni inkagwira, n'kumuimbira katswiri uja ataimirira ndi mwendo umodzi pansonga. Kenako anabwerera mu ofesi. Anati katswiri wanena kuti njira yatsala imodzi: kupeza chimbale chomwe chinabwera ndi kompyutayo m'katoni kuchokera ku fakitale, kufufutanso zonse, kuika mwatsopano, maina n'kutayipanso kuchokera m'kaundula, koma nachonso chikakafunsa nambala ndiye kuti basi. Anakhuthula katoni, munali mapepala okhaokha. Apo anatembenuka n'kutiyang'ana tonse mmodzimmodzi, nati amene anatenga zimbalezo lero akagona ku polisi. Maso awo anatsikira pa makiyi a m'chiuno mwanga n'kukhala pomwepo.

Tsono ndikuuzeni chilungamo, poti ine sindimanama. Zimbalezo ndinatenga ndine. Zinalipo ziwiri, zonyezimira bwino, ndipo ndinaona ngati n'zokongoletsera katoni chabe, ndiye ndinakazimangirira ndi luzi m'munda mwanga wa mapira kuti ziziopseza mbalame. Sindinaulule. Ndinangoti andipatse mpata ndikafufuze malo ena omwe ndikuwaganizira. Ndikutuluka, Mai Khoviwa ananditsatira pakhonde n'kundiuza motsitsa mawu:

"A Namukopa, ndi chija chabuluu. Chikapanda kufika pofika wanu koloko, musavutikenso nacho. Kuika kokha kumadya maola, kenako ndiyambe kutayipa."

Inali naini koloko.

Ndinapalasa njinga mpaka tcheni linafiira n'kuduka, ndipo njingayo poona kuti mwini wake sakuima inapitiriza yokha mpaka kumunda. Ndinapeza chimbale chimodzi, choyera, chikuzungulira ndi mphepo. Pa ndodo inayo panali luzi loduka. Mkazi wanga Alinesi, yemwe ankapalira chapafupi, anati chabuluu chija chinatengedwa dzana ndi khwangwala, ndipo anamuona akulowera nacho ku Michesi. Anandifunsa ngati china chalakwika. Ndinamuyang'ana mayi uja, khasu lili m'manja, ndipo ndinalephera kumuuza kuti mapira ake adya mayeso a mwana wake. Ndinangothothola choyera chija, kuika m'thumba la shati, n'kuuyamba wa kuphiri.

Inu phiri la Michesi mumaliona muli pa msewu, koma ine ndinalikwera ndi mapazi opanda nsapato, kudumpha miyala ija inagubuduzidwa ndi napolo, uliwonse waukulu ngati tchalitchi, ndipo liwiro lake linali loti chithunzithunzi changa chinalephera kunditsatira, chinatsala kumunsi chitakhala pansi pa mtengo wa mango chikupuma wefuwefu, ine n'kumakwera ndekha wopanda mthunzi, minga ikundilasa koma yosapeza mpata wolowa poti ndinali nditadutsa kale. Mukumva? Chisa cha khwangwala chinali pa phompho loti ukagwetsa mwala umaumva mawa lake. Ndinakakamira ndi zala zitatu n'kusuzumira. Munali masipuni, belu la njinga, magalasi a maso a abusa ena omwe anasowa chaka cha mvula yambiri, mano achitsulo a munthu, ndi galasi lam'mbali la galimoto. Chimbale munalibe. Khwangwala mwiniwake, wamkulu ngati mbuzi yaikazi, anali atakhala pambali nthenga zapakhosi zitathothoka, ndipo atandiona analoza ndi mlomo kumtunda.

Kumeneko, pa thanthwe lalikulu, kunali anyani osachepera makumi asanu ndi limodzi atakhala mozungulira, ndipo pakati pawo panali chimphongo cha khutu limodzi, mapewa ngati a ng'ombe ya ngolo, chitagwira chimbale chathu chikudziyang'anira mano. Chinkati chikayang'ana, n'kunyambita, n'kupukuta pa mwala. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pa liwombo. Ndikanati ndilimbane nawo ndi manja ndikanawatha, koma chimbale chikanasweka. Ndiye ndinakwawa chamimba m'maudzu, mphepo ikuchokera kwa iwo, mpaka ndinayamba kumva fungo la m'kamwa mwa chimphongo chija, ndinatulutsa chimbale choyera, kutchera dzuwa, n'kulilozetsa m'maso mwake. Kuwala kwake kunapsereza nsidze, chinyani n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri, chimbale n'kuuluka m'mwamba, ine n'kudumpha kuchiwakha ndi milomo, osati mano, kuti ndisachikande.

Anyani onse anaimirira nthawi imodzi. Njira yotsikira anali ataitseka. Kutsogolo kwanga kunali thanthwe losalala lotsetsereka mpaka kumunsi kwa phiri, ndipo ndinakhala pansi n'kudzikankha. Ndinatsetsereka pa matako, chimbale chili kukamwa, mphepo ikundikokera makutu kumbuyo, anyani akundigenda ndi miyala yomwe inkafika ine nditadutsa, buluku n'kuyamba kufuka utsi, kenako kuyaka moto weniweni wa malawi, ine osatha kukuwa poti ndikatsegula pakamwa mayeso a Esitere agwera kuphompho, mpaka ndinakathera mu dziwe la mtsinje wa kumunsi, ndipo madzi onse a m'dziwemo anawira n'kusanduka nthunzi, nsomba n'kutsala pa mchenga zitapsa kale. Chithunzithunzi changa chinandiona ndikudutsa n'kudzandimamatiranso kumapazi.

Ndinalowa mu ofesi wanu koloko isanakwane ndi mphindi khumi, nditamanga shati m'chiuno. Palibe anandifunsa kanthu. Chimbale chinali ndi malovu a nyani ndi mikwingwirima ya zikhadabo, ndipo Mai Khoviwa anachitsuka ndi mankhwala otsukira mano, n'kuchipukuta ndi tayi ya ahedi iwo ali chivalire. Anachiika m'kabati ya kompyuta, chinalira ngati chigayo chatsala pang'ono kuthyoka lamba, chinaima, chinaliranso, kenako galasi linasanduka labuluu n'kuyamba ntchito.

Sitinapume n'komwe. Nthunzi ija ndinaiutsa kudziwe inali itakwera kumwamba n'kusanduka chimtambo chakuda, ndipo chinanditsatira mpaka kudzaima pamwamba pa sukulu. Mabatire anayamba kulira. Mai Khoviwa anati moto ukazima pakati pa ntchito, tiyambiranso pachiyambi, ndipo nthawi yoyambiranso palibe. Ndinakwera padenga popanda makwerero, kuzula sola pa mabawuti ake ndi manja, kuisenza pamutu, n'kumathamanga nayo uku ndi uku pamwamba pa malata kutsatira kabowo kamodzi komwe dzuwa linkasuzumirapo, nthambo ikukokeka m'mbuyo mwanga, malata ali otentha mofewa moti phazi lililonse linkasiya chidindo, ndipo kabowo katayamba kutsekeka ndinadzaza chifuwa n'kuuzira mtambowo, kamodzi, kawiri, kachitatu unasuntha n'kukagwetsera mvula yake kwa Mkhumba, komwe anthu anadabwa kuti yachokera kuti. Mukumva?

Itadutsa thuu koloko Mai Khoviwa anatumiza mawu kuti nditsike, yatsala pang'ono kufika pamalo pomwe imafunsa nambala. Ana onse a fomu folo anali ataunjikana m'mawindo. Esitere anali kutsogolo atagwira zitsulo za windo, ndipo sankayang'ana kompyuta, ankayang'ana ine. Ahedi anali atakhala pa katoni, kapepala kodyedwa ndi mphemvu kali m'manja, akuwerenga zilembo zinayi zija chamumtima ngati pemphero. Kamzere ka pagalasi kankakwawa, kuima, kukwawanso. Ine ndinaimirira kutsogolo kwake, kuiyang'ana kompyuta ija m'maso, n'kuiuza m'Chilomwe kuti ikangoyerekeza kufunsa nambala ndikaiponya kuphompho komwe ndachokera. Inazima. Inayakanso yokha. Inadumpha malo a nambala aja osatchula ngakhale chilembo chimodzi, n'kutsegula zonse, kumaimba kanyimbo kake. Mai Khoviwa anafufuza pamene pamalembedwa masiku otsala, ndipo panalibenso masiku. Inalemba kuti ndi yotsimikizika kale.

Mayi aja anatayipa tsiku limenelo. Ahedi akuwerenga m'kaundula, iwo zala zikuthamanga, dzina, tsiku lobadwa, maphunziro, dzina lina. Galimoto inaimba hutala panja atatsala maina atatu, ndipo ahedi anatuluka kukamuchedwetsa dalaivala ndi malonje aatali, kufunsa za kunyumba mpaka za agogo ake. Disiketi inapita. Anthu atabalalika Mai Khoviwa anandiitana, n'kundiika m'dzanja kachidutswa ka luzi komwe anakamasula pa bowo la chimbale, n'kundipinda zala. Sanandiulule, ndipo ahedi sanamve za mapira mpaka anapuma ntchito. Esitere analemba mayeso ake, anakhoza, lero ndi namwino.

Patapita sabata katswiri wa ku Limbe uja anabwera, ndipo atamva nkhani yanga anaseka. Anati kompyuta zotere ku fakitale amazidinda chizindikiro m'kati, ndipo chimbale chobwera nayo chimayamba chafufuza chizindikirocho, chikachipeza chimadzitsegulira chokha osafunsa nambala, kaya wachiika ndi ndani. Anati Chilomwe changa sichinachitepo kanthu. Ndinamufunsa kuti ngati ankadziwa zonsezo, bwanji pa foni paja ananena kuti mwina chikafunsa nambala. Anayamba kuyang'ana wotchi yake.

Ndiye zonsezi ndinazichita ine, ndipo ndilumbira pamaso pa aliyense. Malo amodzi okha ndi omwe ndawongolako pang'ono. Paja ndati ndinaiyang'ana m'maso ikamadumpha nambala, kuyang'anako ndinayamba ndithu, mawu ndinanenadi, koma galasi litangozima m'mimba mwanga munatembenuka, ndipo kanyimbo kaja ndinakamvera kuchimbudzi cha aphunzitsi, nditagwira chitseko ndi manja awiri. Zoti sinafunse nambala anachita kudzandiuza ndi Esitere, ataima panja, akugogoda.